Masiku anayi m'nyumba ya alendo yodzitamandira kuti imasamala chilengedwe, kumapuloti a kumpoto kwa Joni

Pamene mwana wa mlongo wanga anatiuza kuti chinkhoswe chake chichitikira kuno ku Joni osati kwathu ku Ntcheu, udindo wofuna malo unagwera ine, pakuti ndine malume wake, komanso palibe wina m'banja mwathu amene wakhalitsa mumzinda uno kuposa ine. Fulati yanga ya ku Randburg ili ndi zipinda ziwiri zokha, pomwe anthu ofunika pogona anali 11, kuphatikizapo ankhoswe awiri, mlongo wangayo ndi alamu, ndi mayi athu aang'ono amene anapirira ulendo wa basi wodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge ali ndi zaka 74. Munthu wa msinkhu umenewo sungamugoneke pa matiresi pabalaza. Choncho tinasonkha ndalama n'kuchita lendi nyumba yathunthu ya zipinda zisanu kumapuloti a pakati pa Fourways ndi Lanseria, kuyambira Lachisanu pa 20 September 2024 mpaka Lachiwiri pa 24, lomwe linali tchuthi cha Heritage Day. Tinalipira R7,200 usiku uliwonse, ndi chikole cha R3,000 pamwamba pake. Dzina la nyumbayo sindilitchula, chifukwa zina zimene ndinene pano ndinauzidwa ndi antchito ake, ndipo sindifuna kuti kukoma mtima kwawo kuwabweretsere mavuto.

Chimene chinandikopa pa chilengezo chawo cha pa intaneti sichinali dziwe losambiramo kapena zithunzi za mabedi, koma mawu akuti nyumbayo imayendera magetsi a dzuwa, imakolola madzi a mvula, siitaya zinyalala mwachisawawa, ndiponso imathandiza anthu a m'dera lozungulira. Ndinawerenga mawuwo ndi maso a munthu amene anagwirapo ntchito ya m'dimba ndi yosamalira madziwe osambiramo ku Bryanston kwa zaka 9 asanakhale woyang'anira mafulati. Ndikudziwa mmene nyumba zoterezi zimaonekera ukalowera pa geti ya kumbuyo. Ndinaonapo migolo inayi ya mitundu yosiyana itaikidwa pakhomo kuti alendo aziona, koma Lachinayi m'mawa zonse n'kuthiridwa m'thumba limodzi lakuda. Motero ndinapita kumeneko ndi ntchito ziwiri, ya umalume ndi ya munthu wofuna kugogoda thanki kuti amve ngati mulidi madzi.

Za nyumba yeniyeniyo ndinene mwachidule: ndi yaukhondo, mabedi ndi abwino, mabulangete ndi okwanira, chipinda cha pansi chimene tinapatsa mayi aang'ono chilibe masitepe, ndipo bwalo ndi lalikulu moti mwambo wa anthu 40 unakwanira popanda kupanikizana. Msewu wafumbi wa pafupifupi kilomita imodzi wofikira pa geti uli ndi maenje amene galimoto yotsika imagunda pansi, ndipo chilengezo chawo sichinena zimenezo.

Magetsi anayesedwa mokwanira, chifukwa nyengo inatitembenukira. Amene anali kuno akukumbukira kuti kumapeto kwa sabata imeneyo kunagwa chipale chofewa chimene chinatsekereza magalimoto usiku wonse pa msewu wa N3 cha ku Van Reenen, ndipo ife kuno tinalandira mitambo ndi mphepo yozizira imene ankhoswe a ku Thyolo anangoitcha chiperoni. Padenga pali mapanelo 20 oyang'ana kumpoto, monga ziyenera kukhalira ku chigawo chino cha dziko lapansi, ndipo m'galaja muli mabatire awiri aakulu ndi inverter, makina amene amasandutsa mphamvu ya mapanelo ndi ya mabatire kukhala magetsi a m'nyumba. Mwini nyumba, mayi wachizungu wachikulire amene amakhala m'kanyumba kena kuseri kwa puloti, anandiuza kuti anaika zonsezi mu 2023, chaka chimene kuthimathima kwa magetsi a Eskom kunafika poipa kwambiri, ndipo boma linalola anthu kubwezeredwa pa msonkho gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo wa mapanelo, osapitirira R15,000. Sanabise kuti chimene chinamukankha poyamba chinali kuopa kutaya alendo, ndipo za chilengedwe zinabwera pambuyo. Ndinaukonda ulemu wonena zoona umenewo. Pamene ife tinkafika, kuthimathima kwa dziko lonse kunali kutaima kuyambira kumapeto kwa March, komabe Loweruka m'bandakucha magetsi a m'dera lonselo anazima, akuti mbava zinadula mawaya, ndipo nyumbayo inatsala pa mabatire okha tsiku lenileni la mwambo, dzuwa lili kuseri kwa mitambo.

Mafiriji awiri odzaza nkhuku ndi nyama ya mbuzi sanasiye kulira, nyali zinayaka, pampu ya madzi inagwira ntchito, ndipo mafoni onse anatchajidwa. Vuto linabwera cha m'ma 8 koloko, pamene amayi atatu anayatsa simbi zitatu nthawi imodzi kuti asite zitenje ndi zovala za mwambo, wina n'kuika ketulo pamoto. Inverter inalira kamodzi n'kuzimitsa nyumba yonse. Sindikuimba mlandu makinawo, chifukwa simbi iliyonse ndi ketulo zimakoka magetsi ochuluka kuposa nyali zonse za m'nyumba kuziphatikiza, ndipo makinawo anachita chimene anapangidwira, kudziteteza. Mlandu uli pa kabuku ka malangizo kamene kali pa tebulo, kokongola ndi ka masamba ambiri, kofotokoza bwino za kusintha kwa nyengo, koma kopanda mzere umodzi wouza mlendo kuti magetsi a kumsewu akathima aziyatsa simbi imodzi yokha. Tinatayapo mphindi 20 tikufunafuna bambo wa m'dimba kuti atisonyeze podina. Madzi otentha nawonso anatha munthu wachisanu ndi chiwiri atasamba, pakuti magiza awiri a m'nyumbamo, matanki otenthetsa madzi osamba, amadalira dzuwa, ndipo waya wotenthetsa wa magetsi umene umathandiza pa tsiku la mitambo sunalumikizidwe ku mabatire. Otsalawo anatenthetsa madzi pa moto n'kusamba a m'ndowa monga kwathu, ndipo mayi aang'ono anaseka kuti ayenda ulendo wonsewu kudzasamba ngati ali ku Bawi.

Pa madzi ndi pamene ndinakhalitsa, chifukwa ndi pamene nyumba zambiri zimanama mosadziwa. Joni ndi mzinda umene unamangidwa chifukwa cha golide wa 1886, pamtunda wokwera mamita oposa 1,700, popanda mtsinje waukulu kapena nyanja pafupi. Madzi amene timamwa amachokera ku damu la Vaal, ena mwa iwo atayenda kuchokera kumapiri a Lesotho kudzera ku damu la Katse, ndipo bungwe lopereka madzi la Rand Water limawayeretsa n'kuwapopa chokwera phiri mpaka afike m'matanki a mzinda. Pampu ikangoima, mipopi imauma, monga tinaonera mu March 2024 pamene mphenzi inawononga magetsi opita ku mapampu a Eikenhof ndipo madera ambiri anakhala masiku angapo opanda dontho. Sabata imene tinali kumeneko damu la Vaal linali pansi pa theka, ndipo ngalande ya pansi pa nthaka yochokera ku Lesotho inali pafupi kutsekedwa pa 1 October kuti ikonzedwe kwa miyezi 6. Choncho nyumba ya alendo imene ikunena kuti imasamala madzi ikulankhula za chinthu chimene tonse a mumzinda uno chimatikhudza pakhosi.

Kuseri kwa nyumbayo kuli matanki anayi obiriwira a malita 5,000 lililonse. Ndinawagogoda onse ndi chibakera kuyambira pamwamba kutsika, ndipo atatu analira ngati ng'oma mpaka pansi, lachinayi lokha ndilo linali ndi madzi ofika m'chiuno. Izi sizinandidabwitse. Mvula ya kuno imagwa kuyambira October mpaka March kapena April, pafupifupi mamilimita 700 pa chaka, ndipo milimita imodzi ikagwa pa denga la mita imodzi m'litali ndi m'lifupi imapereka lita imodzi. Denga la nyumbayo, pongoliyeza ndi mapazi, lingakwane masikweya mita 300, kutanthauza kuti pa chaka pamagwa malita oposa 200,000, koma matankiwo angasunge 20,000 okha pa nthawi imodzi, ndipo kuyambira May mpaka September kumwamba kumakhala gwa. Mawu akuti nyumbayo imayendera madzi a mvula ndi oona mu January, koma mu September ndi oona theka. Nditafunsa mwini wakeyo, anavomera kuti m'chilimwe madzi a m'shawa ndi a m'chimbudzi amachokera m'chitsime chakuya chimene anakumbitsa, ndipo akumwa amachokera ku mpopi wa mzinda n'kudutsa mu sefa. Palibe choipa pamenepo, koma chilengezo chikananena chomwecho. Chitsimecho chili ndi mita, ndipo bambo wa m'dimba amalemba manambala ake m'kope Lolemba lililonse, chimene sindinachionepo m'nyumba iliyonse imene ndinagwirako ntchito, kumene mabwana ankaganiza kuti madzi a pansi pa nthaka alibe mwini ndipo satha.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi njira ya madzi ogwiritsidwa kale ntchito. A m'shawa ndi a m'makina ochapira sapita ku dzenje la chimbudzi, koma amatsikira mu ngalande yodzaza miyala ndi mchenga momwe mwabzalidwa bango, ndipo akatuluka kumunsi amathirira mitengo ya mandimu ndi mapichesi. Ndinanunkhiza pamene amatulukirapo ndipo panalibe fungo. Pulotiyo yapendekera ku kamtsinje kamene kamathira mu mtsinje wa Jukskei, ndipo Jukskei imalowa mu mtsinje wa Crocodile, womwe umakathira m'damu la Hartbeespoort. Aliyense amene anapitako anaona namasupuni atakuta madzi monga amachitira pa Shire cha ku Liwonde, ndipo chimene chimanenepetsa namasupuniyo ndi zonyansa zochokera kumtunda kuno. Nyumba imodzi singachiritse damu, koma iyi yokha siikuwonjezerapo. Mtengo wake wa dongosololi unagwera alendo athu: sopo wa ufa amene mlongo wanga anabwera naye analetsedwa, chifukwa mchere wake umawononga nthaka ndi mizu, ndipo tinapatsidwa sopo wamadzi wa m'nyumbamo amene satulutsa thovu lambiri. Mlongo wanga sakhulupirira sopo wopanda thovu, ndipo mpaka lero akunena kuti nsalu za patebulo sizinayere. Ine ndinaziona zitayera. Mashawa nawo ndi a mtundu wotulutsa madzi pang'ono, ndipo ndinayesa ndi ndowa ya malita 10 imene inatenga nthawi yoposa mphindi imodzi kuti idzaze, pomwe shawa yakale ya ku fulati kwanga imaidzaza mphindi isanathe. Dziwe losambiramo linali lophimbidwa ndi chinsalu chokhuthala choletsa madzi kuuluka ndi dzuwa, ndipo chifukwa cha kuzizira palibe anapempha kuti livundukulidwe.

Kukhitchini kunabuka nkhani imene mwini nyumba sanaiganizirepo chiyambire, ndipo aliyense wa kwathu amene akufuna kukachita lendi malo otere aimvetse. Kuka yawo ndi ya induction, imene siwononga magetsi ambiri chifukwa imatenthetsa poto yekhayo kudzera mu mphamvu ya maginito, koma imagwira ntchito ndi mapoto achitsulo okha. Mapoto athu aakulu a aluminiyamu, amene tinabwereka kwa amayi a mpingo ku Rosettenville, anangokhala pamwambapo osatentha ngakhale pang'ono, ndipo mapoto a m'nyumbamo, okongola ndithu, lalikulu lake silingaphike nsima ya anthu oposa asanu. Kuwonjezera apo, pamwamba pa kukayo ndi pagalasi, ndipo mayi amene akuvundula nsima ndi mthiko mwamphamvu zake zonse sangaime pa galasi. Amene anatipulumutsa ndi bambo wa m'dimba uja. Anaika mafuwa atatu kuseri kwa galaja, anabweretsa nkhuni za mitengo ya black wattle imene amadula m'mphepete mwa kamtsinje chifukwa ndi yachilendo ndipo imamwa madzi ambiri n'kupha mitengo ya m'dziko muno, ndipo nsima, mpunga ndi thobwa lotenthetsa zonse zinapsera pamenepo. Ndinaona kuti ndi nzeru yabwino kuti mtengo wofunika kuchotsedwa ukhale nkhuni za alendo m'malo mogula matumba a makala, koma nzeruyo inali ya wantchito, sinali m'kabuku.

Bamboyu ndi wa kwathu, wa ku Nkhata Bay, ndipo wakhala pa pulotiyo zaka 7. Tinazindikirana ndi moni woyamba, ndipo Lamlungu madzulo, alendo atabalalika, tinakhala pa mafuwa aja n'kucheza. Ndinamufunsa mosapita m'mbali kuti, "Achimwene, zimene alemba m'kabukumu zoti antchito ndi banja lawo, kodi inu mumaziona m'thumba?" Iye anaseka, analowa m'chipinda chake, n'kutuluka ndi envulopu ya mapepala a malipiro a mwezi ndi mwezi. "Ankolo, werengani nokha, ine pakamwa ndingakunamizeni," anatero. Malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi lamulo kuyambira pa 1 March 2024 anali R27.58 pa ola, ndipo munthu wogwira maola 45 pa sabata ankayenera kulandira pafupifupi R5,400 pa mwezi. Lamuloli linayamba mu 2019, koma antchito a m'nyumba anafanizidwa ndi ena onse mu March 2022, ndipo ambiri a ife tikudziwa anzathu amene mpaka lero amapatsidwa R150 pa tsiku ndi buledi wa dzulo. Mapepala amene ndinaona anali ndi ndalama yoposa ya lamuloyo ndi gawo looneka, maola owonjezera a Loweruka atalembedwa padera, ndi 1 peresenti ya UIF, thumba la boma lothandiza anthu ntchito ikawathera, itadulidwa, bwana n'kuikapo yake. Chipinda chake chili ndi siling'i, shawa ya madzi otentha, ndi waya wochokera ku mabatire omwe aja, kotero kuti magetsi akathima iye satsala mumdima pamene alendo akuonera TV. Zimenezi zingaoneke zazing'ono kwa munthu amene sanagonepo m'kachipinda ka kuseri kosungiramo makina otchetchera kapinga, koma ine ndinagonamo.

Ndinafunsanso za ngozi ya pantchito, chifukwa dziwe losambiramo ndimalidziwa. Mu 2012 mayi Maria Mahlangu, wantchito wa m'nyumba ku Pretoria, anamira m'dziwe la abwana ake, ndipo banja lake linauzidwa kuti antchito a m'nyumba sali m'gulu la olandira chipukutamisozi cha ovulala pantchito. Mwana wa mayiyo anamenya nkhondo mpaka khoti lalikulu loona za malamulo a dziko linagamula mu November 2020 kuti kuwasiya kunja kunali kuphwanya malamulo. Mwini nyumbayi anandisonyeza kalata yotsimikiza kuti antchito ake onse atatu analembetsedwa ku thumba la boma lopereka chipukutamisozi chimenecho. Anaoneka wodabwa kuti mlendo akufunsa zimenezo, ndipo anati pa zaka zonse zimene wakhala akulandira alendo ambiri amafunsa za mapanelo ndi za mbalame. Sindinganene kuti zonse zili bwino, chifukwa mayi woyeretsa m'nyumba, wolankhula Chipedi wochokera ku Diepsloot, amakwera matekisi awiri n'kuyenda pansi msewu wafumbi uja m'mawa uliwonse, ndipo tsiku la mwambo wathu anaweruka mdima utagwa. Anaperekezedwa pa galimoto chifukwa ine ndinapempha, osati chifukwa ndi dongosolo la nyumbayo. Malo amene akuwerengera malita a m'chitsime Lolemba lililonse angathenso kuwerengera kuti mayi akafika bwanji kwawo usiku.

Za kuthandiza anthu a m'dera, zina ndinazitsimikiza ndipo zina zinandinyansa pang'ono. Mazira, sipinachi ndi buledi zimene tinapeza m'firiji tsiku lofika zinagulidwadi kwa alimi ang'onoang'ono ndi wophika buledi a ku Diepsloot, ndipo titafuna mathireyi ena asanu a mazira, mnyamata anabwera nawo pa njinga n'kulandira ndalama m'manja mwake popanda mwini nyumba kudyapo. Pa geti pali mpopi umene anthu okhala m'zisakasa zapafupi amaloledwa kutungapo madzi a kumzinda akasowa, ndipo ndinaona ndi maso anga amayi awiri ndi zigubu Lolemba m'mawa. Koma m'khonde lolowera mwapachikidwa zithunzi zazikulu za ana a sukulu ya mkaka ina imene nyumbayo imathandiza, ana ovala zong'ambika akumwetulira, ndi kabokosi koponyamo ndalama pansi pake. Mmodzi wa ankhoswe, mphunzitsi wopuma ntchito, anaima pamenepo nthawi yaitali n'kufunsa ngati makolo a anawo anavomera kuti nkhope za ana awo zikhale zokongoletsera khoma la anthu olemera. Ife a ku Malawi zithunzi zoterezi tinaziona mokwanira m'mabuku a mabungwe. Ndinauza mwini nyumbayo kuti pepala losonyeza ndalama zimene zinalowa m'kabokosiko ndi zimene zinagulidwa lingakope mlendo kuposa nkhope ya mwana wa eni ake. Anamvetsera mwaulemu, koma sanalonjeze kanthu.

Nyumbayo ili ndi nyenyezi zinayi za bungwe la boma loyesa malo ogona alendo, koma nyenyezi zimenezo kwenikweni zimanena za ubwino wa zipinda ndi chisamaliro cha mlendo. Chiphaso cha Fair Trade Tourism, chimene chimayang'ana malipiro, kagulidwe ka katundu ndi kasamalidwe ka chilengedwe, alibe, ndipo mayiyo anati kwa nyumba imodzi yokha ndalama ndi mapepala ake n'zolemetsa. Mzinda uno unalandira msonkhano waukulu wa mayiko onse wokambirana za chitukuko chosawononga chilengedwe ku Sandton mu 2002, ndipo kuyambira nthawi imeneyo mawu oterewa alowa m'chilengezo cha pafupifupi loji iliyonse, kotero kuti popanda woyesa wochokera kunja mlendo amatsala ndi maso ake ndi mafunso ake.

Zinyalala ndinazitsatira mpaka pa geti. Kuyambira pa 1 July 2018 mzinda unalamula kuti m'madera amene Pikitup, kampani ya mzinda yotola zinyalala, inakhazikitsa dongosololi anthu azilekanitsa zinyalala pakhomo, koma tonse tikudziwa kuti amene amagwiradi ntchitoyo ndi abale aja okoka ngolo zodzaza matumba akuluakulu m'mphepete mwa misewu m'bandakucha, ambiri a iwo ochokera ku Lesotho ndi mayiko ena oyandikana nawo. Popanda iwo phiri la zinyalala la Robinson Deep, limene anzathu a ku Turffontein amaliona ndi kulinunkhiza, likanadzaza kalekale. Pa nyumbayi zitini, mabotolo ndi makatoni zimatsukidwa, kuumitsidwa ndi kuikidwa m'matumba oonekera mkati, ndipo munthu mmodzi wodziwika amabwera kudzatenga Lachiwiri osafunika kupisa manja m'zoola. Magalasi osweka amakulungidwa padera n'kulembedwa. Pambuyo pa mwambo wa anthu 40 tinadzaza matumba asanu ndi limodzi a zitini ndi mabotolo, ndipo bamboyo anafika tisananyamuke, n'kumanga katundu wake akuimba mluzu. Makoko a mbatata, masamba a kabichi ndi zikhokho za mazira zimapita ku bokosi la nyongolotsi ndi ku mulu wa manyowa, zotsala zophika zimapita kwa nkhuku. Pa nsima yotsala tinasiyana maganizo ndi kabuku kaja, chifukwa mkute sitipatsa nkhuku, ndipo Lamlungu m'mawa unadyedwa wonse ndi tiyi.

Dimba lake ndi la munthu wodziwa ntchito. Kapinga wachepetsedwa n'kutsala pabwalo la kutsogolo lokha, ndipo anali wofiirira monga ayenera kukhalira kumapeto kwa chilimwe, osati wobiriwira monyenga ndi madzi a usiku. M'malo mwake mwabzalidwa aloe, spekboom ndi udzu wa m'tchire la kuno zimene zimapirira chilala ndi chisanu. Kuseri kuli mabedi a repu, mpiru ndi anyezi ophimbidwa ndi udzu wouma. Mnzanga wa ku Nkhata Bay anandisonyeza ngodya imene bwana wake anamulola kuti chisoso ndi bonongwe zizimera nthawi ya dzinja, zomera zimene ine ndinkalamulidwa kuzula ndi kutaya kwa zaka 9 ndikumeza malovu. Anali ndi mfutso wa nkhwani wa chaka chatha m'chitini, ndipo anapatsako mayi aang'ono, amene anauphika ndi nsinjiro Lolemba n'kutumiza mbale kwa mwini nyumba.

Amene akuganiza zochitira mwambo kumeneko adziwe malamulo asanalipire. Alendo obwera masana asapitirire 40, nyimbo zizime 10 koloko usiku chifukwa cha anansi ndi akavalo awo, mbale ndi makapu a pulasitiki otaya saloledwa, ndipo mabaluni ndi timapepala towaza pa akwati n'zoletsedwa chifukwa zimakathera mu kamtsinje. Lamulo la mbale linatipweteka poyamba, koma anatibwereka mbale zadothi ndi matambula okwanira popanda kulipiritsa, ndipo atsikana anatsuka m'mabeseni awiri. La anthu 40 ndilo lovuta kwa ife, pakuti chinkhoswe cha kwathu sichidziwa chiwerengero, ndipo ndinaima pa geti ndi mndandanda m'manja ngati msilikali, n'kubweza anthu a mpingo amene ndimapemphera nawo. Perekaniperekani anafupikitsidwa, ndipo anamalizira ku holo ya tchalitchi sabata yotsatira. Kwa banja la anthu 10 kapena 12 lofuna kupuma, kulandira makolo ochokera kumudzi, kapena kukambirana za ukwati mwakachetechete, ndingawatumize kumeneko mosakayika, bola atenge mapoto achitsulo, afunse za madzi otentha ngati kuli mitambo, ndipo asite zovala usiku magetsi akadalipo. Kwa ofuna zokuzira mawu mpaka mbandakucha, malowo si awo. Mtengo wake, ukaugawa pa anthu 11, unafika pafupifupi R650 munthu mmodzi usiku umodzi, zomwe sizikusiyana kwambiri ndi loji wamba ya ku Randburg kumene sungaphike nsima yako.

Chikole chathu chinabwera pa tsiku lachisanu ndi chitatu, atachotsapo R280 ya majagi awiri agalasi amene ana anaswa, ndipo anatumiza chithunzi cha lisiti ya sitolo kumene anagula ena. M'uthenga womwewo mayiyo analemba kuti wawonjezera tsamba m'kabuku kaja lonena za simbi ndi ketulo, ndiponso kuti wagula mphika wachitsulo wa miyendo itatu wa anthu 20, umene ukusungidwa m'galaja pafupi ndi mafuwa amene anaganiza zongowasiya pomwepo. Za zithunzi za m'khonde ndi za ulendo wa usiku wa mayi wa ku Diepsloot sanatchulepo.